Mawindo otseka a aNangozo

Ndikakumbukira aNangozo, omwe tinkayandikana nawo nyumba kwathu ku Kandeu, ndimamva fungo la mbatatesi yokazinga likutulukira m'mphepete mwa chitseko, limodzi ndi utsi wa zitsononkho komanso kulira kwa mafuta m'chiwaya. Amuna awo anali atapita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Joni, ndipo chiyambire pamenepo thupi la aNangozo linkangokula chaka ndi chaka, mpaka zitenje ziwiri ankachita kuzilumikiza kuti zikwane m'chiuno.

Azimayi akamadutsa ankaima n'kuwayamikira. "Mwanenepatu, aNangozo! Bambo akukusamalani kumeneko." Iwo ankangomwetulira pang'ono n'kutseka chitseko.

Ine ndinali kamtsikana kosasunga funso m'kamwa. Chinkandizunguza mutu n'chakuti munthu wa mtendere chotere ankatsekeranji mawindo masana. Kale ndiwo ankatsogolera nyimbo pa maukwati onse a m'mudzi, koma tsopano ngakhale kutchalitchi anali atasiya. Ukwati wa mwana wawo Esinati unali pafupi, ndipo anthu ankanong'onezana kuti mayiwo adzawanyamula pa ngolo ngati matumba a mbatatesi.

Tsiku lina amayi atandituma kukapala moto, ndinawapeza atakhala pamphasa mumdima, mbale ili pamiyendo, akupuma mwabefu.

"Kodi inu njala siikutherani?" ndinafunsa.

"Si njala, mwanawe. Ndikamatafuna, m'mutumu mumakhala zii. Ndikasiya, maganizo amabweranso. Ndikati ndituluke, miyendo ikukana, ana akundiloza. Ndiye ndimabwerera ku mbale yangayi."

Sindinamvetse, koma ndinamva chisoni. Nditafika kunyumba ndinafunsa amayi ngati mbatatesi imachizadi maganizo. Amayi anasiya kupeta chimanga, nanyamuka kupita kwa aNangozo osasasa n'komwe gaga m'manja. Kumeneko ndiko anakamva zomwe mudzi wonse sunkadziwa: amuna a aNangozo anali atakwatira kwina kalekale, ndipo mayiwo tulo ankangotimvera kwa anzawo.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse amayi ankawagogodera aNangozo kuti akayende limodzi. Poyamba ankangofika pa mtengo wa pichesi n'kubwerera, kenako kudimba, kenako tsiku lina anafika kuchipatala. Adokotala anawauza kuti kukhumudwa kotereku ndi matenda, ndipo kuti kwa anthu ena matendawa ndi kunenepa kwambiri zimakokana: china chikakula, chinzake chimakulanso. Anayamba kumapitako kukalandira uphungu ndi mankhwala.

Pa ukwati wa Esinati ngolo inanyamula mipando yokha. ANangozo anayenda okha, akupumira m'njira, thukuta lili kamukamu, ndipo pakhomo la tchalitchi anayambitsa nyimbo ndi mawu aja tinali titawaiwala. Thupi linali litangotsika pang'ono chabe. Komabe mayi wina anawagwira mkono modandaula.

"Mwachepatu, aNangozo. Mukudwala kodi?"

Anaseka mpaka misozi. "Mayi, nthawi imene ndinkadwala ija munkandiyamikira."

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo lilime langa limafunabe kunena kuti "mwanenepatu" monga tinazolowera. Koma ndisanatero ndimayamba ndayang'ana mawindo a nyumbayo, ndipo ndikawapeza otseka masana, ndimagogoda.