Filimu Yopanda Ndewu

Malume anga ankaonetsa mafilimu m'kanyumba ka malata pamsika wina kumunsi kwa Michesi. Mwa matepi awo onse, imodzi yokha sinkakondedwa. Inali filimu yakale yachizungu, yopanda ndewu, yopanda mfuti. Bambo wina amaweruka kuntchito mumzinda waukulu, amawiritsa madzi a tiyi, n'kukhala pawindo kuyang'ana magalimoto. Basi. Anthu ankatuluka isanafike pakati. Malume ankaionera okha atatseka chitseko. Anagwirako ulonda ku Joni, ndipo ankati chipinda cha bamboyo n'chimodzimodzi ndi chomwe ankagonamo iwo.

Mafoni atabwera, bizinesi inatha. Deki yolizira matepi inafa, maso a malume anayamba ng'ala. Tepi ija anaisunga m'sutikesi. Chomwe ankafuna n'kuionanso kamodzi maso asanatheretu.

Chaka chatha mnzanga wa kunyuzipepala anandilumikiza ndi mkulu wina wa ku Blantyre amene amasonkhanitsa matepi akale. Mkuluyo anati filimuyi inasowa, anzake amailimbirana. Malume anati abwere, koma asasiye deki yake. Ndinamuperekeza kumudzi.

Mkuluyo anagwira bokosi la tepiyo ngati dzira, kuwerenga zolemba zakumbuyo, mpaka kulinunkhiza.

"Munaionerapo, achimwene?" anafunsa malume.

"Ayi, bambo. Zoterezi sitiliza. Zimaperepeseka."

"Nanga mumatani nazo?"

"Timaika pashelefu."

"Ngati mbale za alendo."

Tinakambirana mpaka tiyi anazizira. Mapeto ake tinagwirizana kuti tepi ilire kamodzi, kenako aitenge. Mkuluyo anavomera nkhope itagwa.

Tinalumikiza deki ku batire ya sola. Chinyezi cha m'sutikesi chinali chitadya kale tepi. Pagalasi la TV panangooneka mizeremizere yoyera. Mawu okha ndi amene anatsala: kiyi pachitseko, ketulo, magalimoto chapatali.

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse.

"Isiye," anatero malume. "Apa akuvula nsapato. Apa wakhala."

Anatifotokozera filimu yonse maso ali kukhoma. Pamene panalibe mawu, nawonso ankakhala chete, ife n'kumadikira.

Itatha, mkuluyo anabweza tepi m'bokosi. Anati kuonongeka kwa tepi kulibe kanthu bola bokosi lili bwino, ndipo ananyamuka nayo msanga poopa kuti kungamudere pamsewu. Malume anandiuza ndibweze sutikesi pansi pa bedi.