Phale Langa ndi Machesi a Amalume

Kwathu, kumapiri a kufupi ndi Mphunzi, aliyense ndi dokotala wa mwana wa mnzake. Ine ndinapimidwa ndi mudzi wonse, kwaulere. Ena anapeza ulesi, ena matama, ena anati amayi anandilera monyengerera. Chimene chinasonkhanitsa madokotala onsewa n'chakuti ndinafika zaka khumi ndi zinayi ndisanayatsepo machesi.

Moto sindiuopa. Izi ndinazilemba kangapo m'kope langa la chikuto chobiriwira, momwe ndimasungamo za tsiku lililonse, poti pakamwa sindinkatha kuzifotokoza. Khala lamoto ndi laulemu. Limakhala pamene walisiya, ukaliuzira limafiira, ukalileka limagona. Machesi alibe khalidwe. Ukakhwecha koyamba amakhala chete, kachiwiri chete, kenako amakulalatira pafupi ndi nkhope osachenjeza. Kaphokoso kake kamandilowa m'mano. Fungo lake limakhala m'mphuno mpaka madzulo, moti ngakhale tiyi amamveka machesi. Zala zanganso sizidziwa mphamvu yoyenera: ndikagwira pang'ono kamtengo kamangoterereka, ndikalimbitsa kamathyoka. Kakati kayake, lawi limayamba ulendo wobwera ku zala zanga, ndipo mutu umaiwala kumene ndimafuna kulipititsa. Ndimataya pansi, n'kutseka makutu.

Ndili Sitandade 6, kusukulu kwathu kunabwera mphunzitsi woona za ana ovutika m'kalasi. Anacheza nane masiku angapo, kenako anawapempha amayi kuti andiperekeze kuchipatala. Kumeneko anatiuza kuti ndili ndi otizimu, ndipo anafotokoza kuti phokoso, fungo ndi zinthu zadzidzidzi zimandifika mwamphamvu kuposa mmene zimawafikira ena. Amayi anamvetsa. Mudzi nawo unamvetsa, mwa njira yake. Unati ulesi tsopano aupezera dzina lachizungu.

Komabe moto wa m'mawa inali ntchito yanga, ndipo sindinajombepo. Ndinkatenga phale, chibenthu cha mphika wakale wa amayi, n'kukwera kwa mayi a kumtunda, oyandikana nafe, amene amadzuka nkhuku zisanatsike. Ndinkaima pakhomo la khitchini yawo n'kunena kuti, "Odi, ndipaleko moto." Anali mawu okhawo amene ndinkatha kuyankhula pakhomo pa eni osachita chibwibwi, chifukwa ndinachita kuwaloweza.

"Lowa, mlendo wanga wa m'mawa," ankatero. "Shuga wanga wabwera naye?"

Zinanditengera zaka ziwiri kuzindikira kuti funsoli linali nthabwala. Tsiku lina ndinapitadi ndi shuga pa supuni, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi.

Kunyamula moto kuli ndi malamulo ake. Pansi pa phale umayala phulusa, pamwamba pake makala awiri, n'kuwazanso phulusa pang'ono. Potsika umatchinga ndi dzanja mbali imene mphepo ikuchokera. Kunyumba ndinali ndi thumba lopachika kudenga la khitchini, la zitsononkho zouma, makoko a chimanga ndi timasamba ta paini. Palibe amene ankaloledwa kulikhudza. Palibenso amene ankalifuna.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, ndinasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya kuseri kwa phiri, ulendo wa maola atatu wapansi. Atsikana a kwathu amene amaphunzira kumeneko amakhala pa selufu, ndiko kuti amapeza kachipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha pa mbaula. Njira ina panalibe. Tsiku limenelo m'kope langa ndinalemba mawu amodzi okha, "Ndasankhidwa," n'kuwazungulira katatu.

Bambo anga amagwira ntchito ku Joni, choncho pa nkhani za ife ana mawu omaliza amakhala a amalume, achimwene awo a amayi. Amalume ndi katswiri wa za kukhitchini. Ukatswiriwu anaupeza atakhala pa mpando pakhonde, kudikira kuti chakudya chibwere. Koma machesi amawadziwadi, poti fodya wawo wopichira amazima pafupipafupi.

Anabwera Lamulungu, titachoka ku Misa. Kunja kunali chifunga ndi mawawa, nyengo imene ngakhale agalu amakana kuuwa.

"Achemwali," anayamba choncho atangokhala, "nkhani ya sukuluyi ndaimva. Mwana wakhoza, tathokoza. Koma munthu wothawa kamtengo ka machesi mukamusiye yekha kuseri kwa phiri? Azikadya ufa wosaphika?"

"Amaphika bwino, achimwene," anatero amayi. "Kuposa ine."

"Kuphika pa moto wa eni! Kumeneko adzapala kwa yani? Akhale pakhomo pano, azikuthandizani ku dimba la mbatatesi. Sukulu siithawa."

Ndinali kuseri kwa chitseko. Ndinkadziwa atsikana awiri amene anauzidwa kuti sukulu siithawa. Onse awiri anali ndi ana kumbuyo.

Amayi anachonderera mpaka amalume anavomera kundiyesa. Chilungamo amachikonda kwambiri amalume anga. Analowa m'khitchini, mwina koyamba chibadwire, napeza moto wam'mawa ukadali moyo pansi pa phulusa.

"Ehe! Chinyengo chija ndi ichi."

Anatenga ndowa imene ndinatunga m'mawa n'kukhuthula madzi onse pa mafuwa. Phulusa linasanduka phala. Nkhuni zimene zinali pambali zinamwa nawo. Kenako anatulutsa bokosi la machesi m'thumba la jekete nandipatsa.

"Mphwanga, nkhani ndi yophweka. Moto uyake apa, madzi a tiyi awire, mawa lino ndikakusakira ndekha kachipinda. Ukalephera, nkhani yatha."

Ndinagwada. Bokosi linali lofunda ndi thupi lawo ndipo linkanunkha fodya. Kamtengo koyamba kanathyoka. Kachiwiri kanaterereka n'kugwera m'phulusa lonyowa. Kachitatu kanalalata, ndipo sindikukumbuka kukataya. Ndikungokumbuka kuti ndinapezeka pakona pafupi ndi mtondo, manja ali kumakutu, ndikugwedezeka uku ndi uku, amayi ataima pakati pa ine ndi achimwene awo osandikhudza, poti amadziwa kuti nthawi ngati imeneyo dzanja la munthu limandiwotcha.

"Mwaona?" anatero amalume, mawu ali ofewa ngati a munthu amene wapambana. "Sikuti ndimamuda mwanayu. Taona kuno, mphwanga, ndikuonetse. Zinthu zake ndi izi."

Anakwinya buluku m'maondo, nanjuta. Kukhwecha kwawo kunali kokongola, ndisaname. Kamodzi kokha, lawi ilo. Analipititsa pa chikuni chonyowa chachikulu ngati mwendo wanga, n'kudikira. Chikuni chinangowayang'ana. Lawi linafika pa zala, iwo n'kulitaya.

"Mphepo," anatero.

Anayatsa kena. Mphepo inalowadi pa chitseko n'kukazimitsa. Kena kanagwera m'phala la phulusa lija. Anapempha pepala, amayi anawapatsa kalendala yakale, ndipo inayaka mokondwera, yokha, n'kutha. Anauzira ndi mphamvu mpaka phulusa linawadumphira m'ndevu. Ine ndinali nditachotsa dzanja limodzi kukhutu, ndikuwerenga timitengo takuda timene tinkagwa pansi. Kuwerenga kumandikhazika mtima pansi. Ndinafika pa makumi awiri ndi tisanu.

"Nkhuni zanuzi n'zaziwisi, achemwali."

"Zinali zouma m'mawa, achimwene. Kaya chazinyowetsa n'chiyani."

Amalume anagwedeza bokosi pafupi ndi khutu. Linali chete. Anafunsa ngati m'nyumba muli machesi ena, amayi anati sitigula kawirikawiri. Okala ya m'mudzi mwathu siitsegula Lamulungu, mwini wake ndi mkulu wa mpingo. Nthawi inali itadutsa ya chakudya chamasana, ndipo mimba ya amalume inayamba kuyankhula momveka kwa tonse.

Amayi sanandiyang'ane. Anangoti, "Phale lako lili paja."

Ndinatenga phale n'kukwera kumtunda. Ndinanena mawu anga. Mayi a kumtunda anandiyang'ana nkhope, ndipo tsiku limenelo za shuga sanafunse.

"Masana ano? Moto wako uja sufa. Wachita chiyani?"

"Amalume authira madzi."

"Chifukwa?"

"Kuti pakhale chilungamo."

Anamanga chitenje m'chiuno. "Tiye. Chilungamo chimenecho ndikachione ndi maso anga."

Ndinatsika nditatchinga phale ndi dzanja, iwo ali pambuyo. M'khitchini ndinakokolola phulusa lonyowa ndi chibenthu cha mbale, ndinayala makoko a chimanga ochokera m'thumba langa lija, n'kukhazika makala awiri pakati. Pamwamba ndinasanja zitsononkho ngati kadenga, timasamba ta paini m'mipata. Nkhuni zonyowa ndinaziimika mozungulira kuti ziyambe zauma. Ndinauzira pang'onopang'ono, monga umauzira phala la mwana. Utsi unayera, kenako lawi linadzuka mwaulemu, pamene ndinkaliyembekezera. Ndinatereka ketulo.

Mayi a kumtunda anali ataima pakhomo, akuyang'ana timitengo tomwazika pansi.

"Bambo, mwadzala machesi? Tidzakolola liti?"

"Mayi, nkhani ino ndi ya pabanja."

"Eya, ndamva. Inetu ndabwera kudzaona moto wanga kumene wakwatiwa." Anatembenukira kwa amayi. "Mwana wa mchemwali wanga ali pa selufu komweko. Tizipinda tili mumzere, khomo ili, khomo ilo, mbaula pakhomo lililonse. Kodi kumeneko kuli chilamulo choletsa kupala moto?"

"Koma sanayatse machesi," anatero amalume.

"Achimwene," anatero amayi, amene sanazolowere kuwayankha, "inu munati moto uyake, madzi awire. Tamverani ketuloyo."

Ketulo inali itayamba kuimba. Amalume anaiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyembekeza kuti iwaikire kumbuyo. Kenako anatulutsa fodya wawo, anafufuza m'thumba, n'kukumbuka. Ndinatenga chitsononkho choyaka nsonga n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anayatsira, nakoka utsi.

"Tiyi akhale wa mkaka," anatero. "Ndipo mawa mundidzutse m'mamawa. Kuseri kwa phiri n'kutali."

Usanathe mwezi ndinanyamuka. M'chikwama munali mayunifolomu awiri, kope lobiriwira, ndi phale lokulungidwa m'chitenje cha amayi. Amalume anandipatsa mphatso ya bokosi la machesi latsopano, kuti ndizikayeserera. Ndinathokoza. Lili pa zenera mpaka lero, ndipo limathandiza kwambiri: ndi limene limaletsa zenera kumenyetseka kukakhala mphepo.

Chimene amalume sanachiganizire, ndipo ine ndinachiganizira njira yonse, n'chakuti kumeneko kunalibe mayi a kumtunda. Kunali zitseko za anthu osawadziwa. M'mawa woyamba ndinaima m'kachipinda kanga phale lili m'manja, ndikumva atsikana akuseka panja. Ndinatsegula chitseko, ndinatseka. Ndinatsegulanso. Pakhomo lachitatu kuchokera kwanga panali mbaula yofiira, ndi mtsikana wamtali wa Folomu 3 akukazinga mbatatesi.

Ndinayenda ndikuwerenga mapazi. Anali khumi ndi anayi.

"Odi, ndipaleko moto."

Anayang'ana ine, nayang'ana phale.

"Iii, anzathu mwabwera ndi mbale yakeyake? Ndinu olemera!" Anapana makala awiri ndi timitengo n'kundiikira. "Koma mawa udzuke ndiwe kuyatsa moto, wamva? Machesi anga anyowa, ndavutika nawo kuyambira mbandakucha."

Ndinamuuza kuti moto wa makala a pa mbaula ukaufotsera bwino ndi phulusa umafika m'mawa. Anati ndidzamuonetse madzulo. Ndinabwerera nditatchinga phale ndi dzanja, ndipo ndinafika m'kalasi belu lisanalire.