Nsalu yotchinga m'galimoto ya agogo

Fungo la oyilo wotentha likandipeza, ngakhale pakati pa tauni, mtima umathamangira kwathu ku Iponga, kuseri kwa nyumba ya agogo anga aamuna, kumene nthochi zinkachita mthunzi wandiweyani ndipo utsi wa ndowe zouma, umene tinkafukizira ng'ombe kuti udzudzu usazilume, unkakhala ukadali lendelende m'mamawa. Pamenepo panali chisakasa chaudzu, ndipo m'chisakasamo munkagona galimoto yobiriwira imene agogo anabwera nayo kuchokera ku Mbeya, kumene anayendetsa malole zaka zambiri. Inali nkhalamba kale pamene ine ndinkabadwa, koma inkawala kuposa mbale za alendo za agogo aakazi.

Agogo sankamwa tiyi asanaione galimotoyo. Ankatsegula boneti pang'onopang'ono, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera, kukasololanso, kenaka n'kukayang'anitsitsa atakweza magalasi awo pamphumi. Madzi a mu batire anali amvula okhaokha, otchera m'beseni pakati pa bwalo, chifukwa ankati a pachitsime ali ndi mchere. Petulo ankamusefa pa kansalu koyera. Tsiku lina mukanawapeza akupala mapulagi, lina akuviika chubu m'madzi kufuna pamene patuluke thovu, lina atagona chagada pamphasa pansi pa galimoto, mapazi okha ali panja, akupaka girisi ndiponso kutukwana makoswe m'Chiswahili chifukwa chodya mawaya. Nkhuku imene inayesa kuikira pampando wakumbuyo tinaidya Lamulungu lotsatira.

Agogo aakazi ankaitcha galimotoyo mkazi mnzawo. "Ine ndikatsokomola usiku wonse, bambo awa samva," ankatero akupeta mpunga. "Koma mkazi mnzangayu angoti kho kamodzi, aima kale ndi sipanala." Agogo aamuna ankangomwetulira n'kuyankha kuti, "Galimoto siidwala tsiku la ulendo. Imadwala kale, mwini wake ndiye amakhala wogontha."

Abambo anga anali kalaliki wa boma ku Nsanje, kumapeto ena a dziko, ndipo ankabwera pa tchuthi pokha. Ine ndi amayi tinkakhala pamudzi pa agogo. Tsono kwathu mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako wamwamuna, sayang'anana ndi apongozi ake aamuna. Amayi akamva agogo akubwera m'njira ankapatukira m'nthochi, nsalu ili kumutu. Sankakhala nawo chipinda chimodzi, sankawatchula dzina, ndipo mawu onse ankadzera mwa ine. "Tupokiwe, ukawauze agogo ako kuti madzi osamba afunda." "Tupo, uwauze amayi ako kuti ndaga, ndathokoza." Ndinkathamanga uku ndi uku ndi mawu a anthu awiri amene ankalemekezana kwambiri koma sanaonanepo m'maso.

Mwambowu unatipweteka kamodzi. Pamene amayi anali ndi pathupi pa mwana wonditsatira, matenda anavuta, koma iwo anakanitsitsa kukwera galimoto imene apongozi awo akuyendetsa, ndipo woyendetsa wina m'mudzi monse munalibe. Anawanyamula pangolo, n'kukafika kuchipatala chaching'ono mochedwa. Mwanayo sanalire. Namwino wa kumeneko, mayi wa ku Thyolo wosabisa mawu, anawauza agogo aakazi kuti, "Amayi, ulendo wina akangoyamba kumva m'mimba, muthamange naye ku Boma. Mukadzachedwanso mudzaika awiri."

Patapita zaka amayi anaimanso. Aliyense ankaona, koma pamaso pa agogo aamuna nkhani yotere sinkatchulidwa, ndipo iwonso ankayenera kukhala ngati sakuona kanthu. Ine ndinali wamkulu mokwanira kuchita mantha. Ndinkayang'ana mimba ya amayi, ndiyang'ane galimoto m'chisakasa, n'kumadzifunsa kuti nanga tsikulo likafika adzalowamo bwanji.

Mvula itayandikira, agogo anayamba ntchito zachilendo. Anamasula galasi loonera kumbuyo la m'kati muja n'kukalimangirira panja, pachitseko cha mbali yawo. Anaboola timabowo tiwiri m'mwamba, kuseri kwa mipando yakutsogolo, n'kukokapo waya kuchoka mbali ina kufika ina. Atatero anapempha nsalu yochindikala kwa agogo aakazi. Iwo, mwa chipongwe chawo, anatulutsa nsalu ya chipani, ija yokhala ndi nkhope ya Pulezidenti imene ankavala kokavina.

"Mama, mwatopa nane?" anatero agogo, akuyang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu. "Nkhope imeneyi ndiiboole ndi singano? Mukufuna ndikafere kundende? Bwezerani msanga m'bokosi."

Anapatsidwa bulangete lakale lotuwa. Analipinda m'mphepete, kulisoka okha ndi singano yosokera matumba, n'kulikoloweka pawayapo mpaka linatchinga kuyambira kudenga kufika pansi. A Mwakibinga, mnzawo wa bawo, atabwera n'kusuzumira, anaseka mpaka kukhala pansi. Iwo ankawaitana agogo kuti Fundi, ndiye kuti mmisiri. "Fundi, mwayamba kunyamula akwati kodi?"

"N'chotchinga fumbi," anayankha agogo osatukula mutu.

"Fumbi lochokera kumpando wakumbuyo?" anafunsa agogo aakazi ali pakhonde. Koma sanaseke monga mwa masiku onse, ndipo madzulo ake anawaphikira amuna awo mbalagha, nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe, chakudya chimene ankachikonda kwambiri.

Kuyambira pamenepo galimoto sinapitenso kumsika kapena kumaliro. Petulo ankasowa masiku amenewo, ndipo agogo anasunga wodzaza thanki ndi chigubu china chapadera. M'mawa uliwonse ankailiza pang'ono, kuponda matayala ndi chidendene, n'kuitembenuza kuti iyang'ane kumsewu. M'buti anaikamo khasu, matabwa, chingwe ndi jeke. Anthu opempha kuperekezedwa ankauzidwa kuti galimoto ikudwala, bodza lokhalo limene ndinawamvapo agogo akunena, ndipo ndikudziwa kuti linkawawawa kuposa wopemphayo.

Tsikulo linafika m'mawa wina, mvula itagwa usiku wonse. Ndinamva agogo aakazi akukangana ndi amayi m'nyumba. "Sindingathe, mama, ndi apongozi anga," amayi ankatero akubuula. Agogo aakazi anawagwira mkono n'kuwatulutsa pakhomo. "Taona uko, mwana iwe. Ukuyesa mwamuna wamkulu uja ankasoka bulangete chifukwa cha fumbi?"

Galimoto inali itaima pakhomo penipeni, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Agogo aamuna anali ataima patali, atatifulatira, akuyang'ana nthochi ngati aziona koyamba. Amayi anaima kanthawi, kenaka anafunda nsalu kumutu n'kulowa. Agogo aakazi analowa nawo n'kumenyetsa chitseko mwamphamvu kuti mwini galimoto amve. Apo m'pamene anatembenuka. Ine anandikhazika kutsogolo, pambali pawo, poti mawu ankafunikabe wowanyamula.

Msewu unali phala lokhalokha. Galimoto inkaterereka, agogo n'kumaiwongola ndi manja awiri, chibwano chili pafupi ndi chiwongolero. Kuseri kwa bulangete amayi ankabuula, ndipo pakapita kanthawi agogo ankati, "Uwauze amayi ako kuti kutsogoloku kuli mabampu, agwiritse." Ine ndinkalowetsa mutu kuseriko n'kubwereza, ngakhale kuti onse anali atamva kale.

Pa kamtsinje kena kopanda mlatho tinapeza madzi atakwera. Agogo anatsika, analowa m'madzimo ndi buluku lawo lositasita kuti aone kuya kwake, n'kubwerera. Anatsegula boneti, anamasula lamba wa fani kuti asamwaze madzi pa injini, anakulunga mawaya a mapulagi ndi mphira wa chubu chakale amene anali atadula kale kunyumba. Anthu amene ankadikira kuti madzi aphwe anabwera kudzakankha. Madzi analowa pansi pa zitseko n'kundinyowetsa mapazi, koma injini sinazime. Kutsidya anabwezera lamba uja.

Titanyamukanso ndinazindikira kuti kumbuyo kwangoti zii. Kubuula kuja kunali kutaleka.

"Uwafunse amayi ako ngati ali bwino."

Ndinasuzumira. Amayi anali atatsamira pachifuwa cha agogo aakazi, maso ali otseka, milomo itayera. Ndinafunsa, osayankha. Ndinafunsanso. Agogo aakazi ankawasisita kumaso akutchula dzina la Kyala, Mulungu, mobwerezabwereza. Ndinabweza mutu n'kungoyamba kulira.

Agogo sanatembenuke. Maso anali pamsewu, koma anakweza mawu, mawu aakulu amene ankaitanira ng'ombe, ndipo sanadzerenso mwa ine. "Mwana wanga! Ukundimva? Ndine tate wako ndikulankhula. Usagone. Taoloka kale, Boma ndi apa. Mwana wanga, undiyankhe!"

Kenaka kuseri kwa bulangete kunachokera kamawu kakang'ono, kotopa, kovomera m'chinenero chakwathu kuti inde, bambo. "Ena, tata. Ndikumva."

"Basi, uzindiyankha choncho mpaka tifike."

Ndipo analankhula nawo njira yonse yotsalayo. Anawauza mudzi uliwonse umene tinkadutsa, anawafunsa za mpunga wa kudimba, za ng'ombe ya mawanga imene inali pafupi kubereka, zilizonse zimene zinabwera m'mutu, amayi n'kumangoti ena, tata, ena, tata. Titafika pachipatala agogo anatsika n'kukaima kuseri kwa mtengo wa mango atafulatira, mpaka anamwino atawalowetsa amayi m'kati. Dzuwa lisanapendeke mlongo wanga Lusekelo analira, ndipo analira mokweza moti tinamumva tili panja. Agogo anakhala pabampala n'kuvula nsapato zawo zonyowa, misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta.

Pobwerera agogo aakazi sanathe kupirira. "Ndiye bambo, lero mwacheza ndi mkamwana wanu mpaka kukhuta."

"Ine? Ndimalimbikitsa galimoto kuti isazime."

"Ooh. Ndipo galimotoyo imayankha kuti ena, tata?"

Nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo m'mudzi simunamveke kanthu. Amayi atatuluka m'chipatala zonse zinabwerera mwakale: kupatukira m'nthochi, nsalu kumutu, ine kuthamanga ndi mawu. Sanalankhulanenso mwachindunji mpaka agogo anamwalira. Pamaliro awo amayi analira kuposa ana obereka, ndipo patapita zaka, ali okalamba, anandiuza kuti, "Nkhope yawo sindinaiyang'anepo, sindingakuuze kuti inali yotani. Koma tsiku lija ndinali nditayamba kupita, ndipo ndinabwerera chifukwa ndinachita manyazi kusawayankha."

Ndinkawakonda agogo anga, ndipo ndimawasowa. Lero ndili ndi kagalimoto kanga, kakale ndithu, kamene ana anga amakaseka. Sindine katswiri, zambiri ndimasiyira amakaniko. Koma ndikangoona kuti mayi wina m'dera lathu miyezi yake yayandikira, ndimapita kukapopetsa matayala, kuyezetsa oyilo ndi kudzaza thanki, ndipo pofika kunyumba ndimalowa chafutambuyo kuti galimoto iyang'ane kugeti. Mayiyo sindimuuza kanthu, timangopatsana moni pampanda.