Dzenje Limene Tinakumba Pachabe

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene wandisunga mpaka maso anga sakuonanso bowo la singano, koma kukumbukira sanandilande.

Nkhondo yachiwiri itangotha ndinali telala pa Chintheche. Ndinkasokera pakhonde la sitolo ya mmwenye wokalamba, Mhindu, amene analibe mkazi kapena mwana kuno. Tsidya la msewu kunali sitolo ya mmwenye mnzake, Msilamu. M'mawa uliwonse ankamwa tiyi pafupi ndi makina anga, uku akunyozana.

"Wopembedza ng'ombe, wadzuka?"

"Ndadzuka, wandevu. Chipumi sichinathebe ndi kugunda pansi?"

Kuseri kwa sikelo abwana anga anapachika chithunzi cha munthu wovala nduwira. Nditafunsa, anati ndi mwana wa mfumu yaikulu ya kwawo kalekale, amene anayenera kulowa ufumu. Anali Msilamu, koma ankakhala pansi ndi aphunzitsi a Chihindu, namasulira mabuku awo kuti anzake awerenge, aleke kudana. Mng'ono wake anamulanda mpando, namuyendetsa mumsewu atavala nsanza, namupha. Ine ndinakumbukira m'bale uja anaphedwa kumunda ndi m'bale wake dziko likadali latsopano.

Kenako sitima inayamba kubweretsa makalata oipa. Kwawoko Ahindu ndi Asilamu anali kuphana, ndipo Msilamu wa tsidya la msewu uja anataya mlongo wake. Sanawolokenso msewu. Abwana anga ankatulutsabe makapu awiri, ina n'kuibweza youma.

Mvula itakula abwana anga anadwala chifuwa, namwalira m'mawa wina. Msewu unali utaduka, Ahindu anzake ali kutali. Ife a mpingo tinati mlendo sangatayidwe ngati galu. Tinakumba dzenje m'mbali mwa manda athu, tinakhoma bokosi, amayi anasankha nyimbo. Ndinadziona wachifundo kwambiri.

Tikuti tinyamule, Msilamu uja anatulukira.

"Ada, mukupita naye kuti?"

"Kumanda, bwana," ndinayankha.

"Uyu saikidwa m'dothi. Amawotchedwa."

Mkulu wa mpingo anadzidzimuka. "Munthu kumuwotcha ngati zinyalala?"

"Kwa ife Asilamu n'zonyansa kuposa kwa inu," anatero. "Koma maliro si anga, si anunso. Ndi ake."

Anavula jekete, nayamba kututa nkhuni paphewa kupita kumathero a minda ya chinangwa. Ife tinaima patali, bokosi lili pansi. Ndinasenza zipika ziwiri zokha, ndikuyang'anayang'ana ngati akulu a mpingo akundiona. Mpaka lero manyazi a zipika ziwirizo sanandithere.

Nkhuni zinali zonyowa. Anathira mafuta a mkaka a m'sitolo yake yomwe, chitini chonse. Machesi anazima katatu m'manja mwake. Moto utagwira, ndinamumva akulankhula chapansipansi.

"Wopembedza ng'ombe, tiyi wazizira. Ndachedwa ine."

Phulusa anakalitaya m'nyanja pabwato la mlamu wanga. Dzenje lathu linadzaza madzi a mvula, ndipo tinalikwirira lopanda munthu.

Pa katundu yense wa malemu anapempha chithunzi chokha. Iye amene sankalola chithunzi cha munthu m'nyumba mwake anachipachika kuseri kwa sikelo yake, ndipo chinakhala pomwepo mpaka anachoka kuno.

Za chiweruzo cha anthu awiriwa sindinena. Mwini wake alipo. Koma tsiku limenelo mnansi wa wakufayo sanali ine.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akudalitseni, akupatseni miyendo yowoloka msewu mnzanu akadali moyo, ndipo mtendere wake ukhale m'nyumba zanu.