Nyumba yachisanu

Ndinali mkamwini ku Zemba, m'zaka zija nkhani ya chitaganya inali pakamwa pa aliyense. Ndinali nditakolola kawiri pa munda wa kuchikazi, koma mwana tinalibe. Anthu ankaziwerenga zimenezo.

Tsiku lina chakumasana kunabwera munthu pa njinga, atavala kabudula wa khaki, buku lili m'thumba. Anati wachokera m'tauni ndipo watumidwa kudzamva maganizo a anthu. Amene anam'tuma anawatchula, koma palibe anawadziwa. Anaima pamene njira imalowera m'mudzi, nayamba kuloza nyumba ndi pensulo. Zinayi anazidumpha. Anaima pakhomo panga.

Pathu mkamwini sayankhulira mudzi. Mwini mbumba anali amalume ake a mkazi wanga, ndipo anali pomwepo, akusema mpini. Mlendo anangowapatsa moni. Amalume atayandikira kuti amve nawo, mlendoyo anati, "Pepani bambo, mafunso awa ndi a munthu mmodzi."

Amalume anabwerera ku mpini wawo. Sanaseme.

Mlendo uja anandifunsa zambiri. Sopo ndimagula wotani. Nyuzipepala ndinaiwerengapo kapena ayi. Za chitaganya ndimati bwanji. Pamenepo ndinati ine ndimalima chimanga ndi nsawa. Analemba nthawi yaitali kuposa mawu anga, ndipo sindinakonde. Kenaka anafunsa za shuga. Masiku amenewo kunali mphekesera yoti mu shuga akuthiramo mankhwala oumitsa mbeu ya anthu, ndipo mudzi wonse unasiya kugula. Ine ndinafika Sitandade 4, sindinkazikhulupirira. Ndinali ndi kachitini kanga ka shuga kobisa ku denga. Ndinavomera kuti ine ndimagulabe. Pochoka analemba mtanda ndi choko pa mphuthu ya chitseko changa.

Dzuwa lisanalowe amalume anandiitana. Apongozi anga analipo, atangobwera kuchokera kudimba. Mkazi wanga anakhala kumbuyo kwawo, maso pansi.

"Akamwini," anatero amalume, "mudzi uno uli ndi eni ake. Munthu uja anakudziwani bwanji?"

"Sanandidziwe. Amawerenga nyumba. Yachisanu iliyonse amalowa."

"Ha! Kuwerenga kumayambira kwa mkulu. Mukayambira panga, yachisanu si yanu."

Apongozi anati mwana wawo wawauza za kachitini. "Zaka ziwiri popanda kanthu, kodi tsopano tikudabwanso? Choko chija n'chizindikiro chakuti uyu ndi munthu wawo." Amalume anati ngati ndili kazitape, m'mawa ndinyamule mkeka wanga ndi khasu, chimanga chitsale m'nkhokwe.

Sindinapepese. Ndinapempha kuti andilondole. Matayala a njinga anali akuonekabe pa fumbi. Tinayambira pa njira, amalume akuwerenga okha ndi mpini uja. Yachisanu inali yanga. Iwo anati zimenezo n'zongochitika. Ndinati tipitirire, ngakhale sindinkadziwa chimene tikapeze. Yachikhumi inali ya apongozi. Chitseko chinali chomangidwabe ndi luzi kuyambira m'mawa. Pa mphuthu panali mtanda wa choko, ndi kamzere pansi pake, mwina kosonyeza kuti sanapeze munthu.

Apongozi anaufufuta ndi nsonga ya nsalu, msangamsanga, ngati wapsa.

Amalume anayang'ana nthawi yaitali. "Ndiye anthu amenewa amayamba kuwerenga kumchira," anatero. Mawu opepesa sanatuluke, ndipo sindinawadikire. Anangoti kachitini katayidwe kudzala. Ndinakataya ndekha, onse akuona.

Ndinakhala. Chaka chotsatira mwana anabadwa, ndipo mudzi unati n'chifukwa cha kachitini kaja. Sindinatsutse, mkamwini satsutsa kawiri.

Buku lija sindidziwa linathera kuti, kapena amene anawerenga zimene sindinanene. Ofunsa abwera ambiri chiyambire, ena ndi mapepala, ena ndi timakina. Ndimawapatsa mpando pabwalo, ndimaitana anthu, kenaka ndimati ayambe andiwerengera zimene alemba.