Dzanja Lothira Mchere

Kwathu ku Nyampande, m'boma la Petauke, kunali mayi wina dzina lake Perpetua Daka, koma tonse tinkangoti amake Febby. Ine ndine Agness. Nyumba yanga ndi yawo zinkayang'anizana, madimba athu anagundana malire, ndiye zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa munthu.

Amake Febby sankakhulupirira munthu. Ukawapatsa moni mwansangala, ankayamba kuganiza chimene wabwera kudzapempha. Ukawadutsa mwachangu, ankati wamva zinazake zokhudza iwo. Mbewu ya repu yogula m'sitolo ankayamba aifesa pang'ono pakona pa dimba kuti aone ngati ndi repudi. Ankatopetsa, sindibisa. Komatu anali mayi wa manja. Matimati awo ankafiira athu akadali maluwa, ndipo pa mudzi wonse panalibe wodziwa kusunga mbewu ngati iwo.

Kukayikira kumeneku kunali ndi pochokera. Ana awo onse, kupatula Febby, anawaika m'manda akadali akhanda, ndipo onse anapita ndi kutsekula m'mimba. Amake Febby sanavomereze kuti inali nthenda wamba. Ankati amuna awo, malemu aDaka, ankayendayenda ndi akazi a ku Nyimba, n'kubwera ndi moto kudzawadula ana, iwo ali chete osafunsa. Kuyambira pamenepo analumbira kuti sadzakhalanso chete.

Kwathu mchere si chinthu choseweretsa. Mkazi akakhala kumwezi, kapena akayenda ndi mwamuna wosakhala wake, sathira mchere m'chakudya. Akathira, wodyayo amadwala mdulo: kutupa, kuwonda, mwina kufa kumene. Mwana wodwala ndiye amafuna dzanja lozizira, la munthu amene sanakhale malo amodzi ndi mwamuna masiku amenewo. Tinakula tikudziwa zimenezi, ndipo tchalitchi sichinatichotsere.

Nthawi ya chipani chimodzi ija, shuga tikuchita kuimira pamzere ku Petauke, kunabwera Landirova ya anthu ofufuza ochokera ku Lusaka. Atcheyamani a chipani anatisonkhanitsa amayi tonse pabwalo la sukulu. Wotsogolera gululo anali namwino wina wamfupi, woseka msanga, dzina lake Consolata. Anatiuza kuti madokotala afufuza ndipo apeza kuti chimene chimapha mwana wotsekula m'mimba ndi kutha madzi m'thupi, ndipo kuti madzi owiritsa othira shuga ndi mchere pang'ono amamubweza ngakhale popanda jakisoni. Anati iwo akufufuza china: momwe anthu amasungira phunziro m'mutu. Midzi ina anaipatsa zithunzi, ina anangoilalikira, koma ife atiphunzitsa ndi nyimbo komanso kusakaniza ndi manja athu, kenako adzabweranso kudzaona amene akukumbukira.

Amake Febby anaimirira asanapatsidwe n'komwe mpata.

"Amai anamwino, mankhwala yabwanji yosawawa? Ndipo zamene tikumbukila mufuna mukazipeleke kwa ndani?"

Consolata anaseka, nayankha. Amake Febby anafunsanso. Mchere wochuluka bwanji? Wa zala zitatu, usapose kukoma kwa misozi. Nanga ukachuluka? Umavulaza mwana. Nanga shuga yekha? Amawonjezera kutsekula. Nanga mwana akasanza? Dikirani pang'ono, mupitirize ndi supuni. Atcheyamani anatsokomola kangapo kuti amake Febby akhale pansi, koma iwo sanali munthu womva chifuwa cha mwamuna.

Nyimbo tinaimba mpaka fumbi kobo. Koma Consolata atati mmodzi abwere kutsogolo adzathire mchere m'kapu, bwalo lonse linangoti zii. Iye anaganiza kuti ndi manyazi a kumudzi. Sanadziwe kuti aliyense ankawerengera za thupi lake ndi za mnzake. Wina akapita wina n'kukana, wokanayo wadziulula pamaso pa mudzi wonse. Ndiye tinakana tonse pamodzi, n'kulonjeza kuti tikayesera kunyumba.

Ofufuza aja atabweranso kumapeto kwa chilimwe, anagona kusukulu masiku angapo akufunsa khomo ndi khomo. Ambiri tinali titasokoneza muyeso. Nyimbo inatsala, koma mawu ake tinali titawapinda. Amake Febby anatchula zonse mosaphonya, ngakhale zizindikiro za mwana amene madzi amuthera: liwombo kulowa, maso kulowa, kulira kopanda misozi, khungu ukalitsina osabwerera. Consolata anaomba m'manja. Anati m'midzi yonse aona chimodzimodzi, kuti amene amatsutsa ndi kufunsa amasunga phunziro nthawi yaitali kuposa ongogwedeza mutu.

"Anitamanda kuti anigwile chani?" anandifunsa amake Febby Landirova itangonyamuka.

Koma panali china chimene anasunga m'masiku amenewo. Dalaivala wa Landirova ija ankabwera kudzapempha madzi akumwa pakhomo pawo, ngakhale kusukulu kunali chitsime, ndipo Febby ankaseka pomupatsa chikho. Mwamuna wa Febby, Abednego, anali ku Kabwe kuntchito kuyambira mwana wawo Hilary asanayambe kukwawa. Ine sindinaonepo choipa. Febby anali mtsikana woseka ndi aliyense, ngakhale ndi mbuzi. Koma amake anayamba kumuyang'ana ndi diso la m'mbali, kumutsatira kuchitsime, kumufunsa chifukwa chimene wasambira masana.

Mvula yoyamba itagwa, mango akupsa, ntchentche zili ng'waa, Hilary anayamba kutsekula m'mimba. Kutacha ndinamva Febby akuitana amake mofuula, ndipo ndinathamangira komweko. Amayi akuluakulu a m'mudzi anali atapita ku maliro kutsidya la mtsinje. Pakhomopo tinalipo atatu ndi mwanayo.

Amake Febby sanachedwe. Anawiritsa madzi, anawaziziritsa, anatulutsa shuga amene ankabisa m'chitini pansi pa bedi, anayeza bwinobwino. Kenako anatenga kambale ka mchere n'kukaika patsogolo pa mwana wawo.

"Thila mchele."

Febby anayang'ana kambaleko, Hilary ali pamiyendo pake. "Thilani ndimwe, amai."

"Mwana ni wako."

"Nili kumwezi."

"Mwezi wako niudziwa. Mailo unathila mchele mu ndiwo, n'nakuona na maso yanga."

"Zayamba lelo."

Amake Febby anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kupinda manja. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Iwo anali wamasiye, msinkhu wobereka anali ataudutsa kale, dzanja lawo linali lozizira chaka chonse. Akanangotambasula mkono, nkhani ikanatha. Ine sindikanathira, chifukwa mwamuna wanga analipo masiku amenewo, dzanja langa silinali lozizira, ndipo onse ankadziwa.

Musaganize kuti inali nkhanza chabe. M'mutu mwawo munali njira ziwiri. Ngati Febby ali bwino, nthendayi ndi ya Consolata ndipo madzi a mchere aichiza. Koma ngati wayenda ndi dalaivala uja, ndiye kuti ndi mdulo, wofuna kuulula ndi mizu ya kwa sing'anga, ndipo kumwetsa mwana madzi n'kutaya nthawi. Ankafuna adziwe kaye njira yoti atsate. Chimene sanafune kuona n'chakuti mwana sadikira kuti akuluakulu amalize milandu yawo.

"Amake Febby, thilani chabe," ndinawachonderera. "Nkhani mukambe mailo, mwana akapola."

"Iwe Agness, n'naika ana m'manda chifukwa chosafunsa. Uyu nifuna nidziwe."

"Lekani niitane amai aRhoda, okalamba aja, ku malilo, abwele athile."

"Pakhomo panga sipabwela munthu kudzamva za mwana wanga."

Dzuwa linakwera. Kapu ija inali pomwepo pamphasa, titaivundikira ndi mbale chifukwa cha ntchentche. Hilary anatsekulanso, madzi okhaokha. Febby anamupatsa bere, koma mwanayo anangoligwira ndi milomo n'kulisiya. Amake Febby ankafunsa funso lomwelo mosinthasintha. Dalaivala uja dzina lake ndani? Unapita kuti tsiku lija unati ukukafuna nkhuni? Febby ankangopukuta mwana wake. Ine ndinakwiya kwambiri, ndipo ndikakumbuka ndimakwiyabe. Ndinawauza mawu amene mkazi wamng'ono sauza wamkulu, koma anangondiyang'ana ngati ndine mmodzi wa obisa nkhaniyo.

Dzuwa litapendeka, mwanayo analira, koma m'maso munali mouma. Liwombo linali litalowa moti ukanaikapo chala. Amake Febby anasendera, natsina khungu la pamimba pake monga momwe anaphunzirira. Khungulo linangoima, osabwerera. Pa mudzi wonse panalibe wina wodziwa tanthauzo lake kuposa iwo. Koma manja anawapindanso.

"Kamba chabe," anatero, mawu atatsika. "Kamba, mwana wanga, tidziwe kopita."

Pamenepo Febby anandipatsira Hilary. Anagwada pamphasa, anavundukula kapu, anatapa mchere ndi zala zitatu, n'kuimika dzanja pamwamba pa madziwo. Sanalire. Anayang'ana amake m'maso, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita.

"Nithila, amai. Akafa, muzadziwa zamene mufuna kudziwa."

Amake Febby anamugwira pamkono mcherewo usanagwe. Anakankhira dzanjalo kumbali, anamutsegula zala, mchere n'kugwera m'dothi. Kenako anatapa wina ndi zala zawo, anathira, anatakasa, analawa, anandilanda mwana n'kuyamba kumudonthezera ndi supuni.

Hilary anameza pang'ono, anasanza. Amake Febby anadikira, n'kuyambiranso. Anatero osatopa, osalankhula, osayang'ana wina aliyense. Kapu itatha anapanga ina. Anthu akubwerera ku maliro, mwanayo anakodza pachitenje cha agogo ake, kusonyeza kuti madzi abwerera m'thupi, ndipo ine ndinalira ngati ndalandira mphatso. M'mawa mwake anayamwa. Patapita masiku ochepa anali akukoka mchira wa galu pabwalo.

Ngati Febby anali kumwezidi, kapena panali zina, palibe akudziwa. Ine ndaganizapo zaka zonsezi ndipo ndimangozungulira pomwepo. Wosalakwa akanatha kunena mawu aja chifukwa cha mkwiyo, wolakwa akanatha kuwanena chifukwa cha kusowa kothawira. Amake anamugwira dzanja yankho lisanatuluke, ndipo sanafunsenso.

Koma Febby sanawalankhulenso monga kale. Ankaphika yekha, ankadya yekha ndi mwana wake. Mvula isanathe anamanga katundu m'chitenje, anabereka Hilary, nati akutsatira mwamuna wake ku Kabwe. Amake anamunyamulira dengu la mtedza mpaka kumsewu, ine ndili pambuyo. Lole yopita ku Petauke itaima, anayesa kumugwira mwanayo tsaya, koma Febby anatembenuka kuti akwere.

"Mwana wapola, amai," anatero ali pamwamba. "Munamulekelela tsiku lonse kuti muniyese. Sinizamusiyanso pafupi na imwe."

Ndipo anasungadi mawu ake. Ankatumiza sopo ndi shuga kudzera mwa anthu, nthawi zina chitenje, koma iye sanapondenso ku Nyampande amake ali moyo. Amake Febby anapitiriza kulima dimba lawo mpaka msana unakana. Anthu a ku Kabwe akabwera kudzacheza, mayiwo ankapita kukakhala chapafupi, akudikira kuti wina atchule yekha za Hilary. Akamva kuti wayamba sukulu, kapena kuti watalika kuposa bambo ake, ankagwedeza mutu n'kubwerera kwawo.

Amake atamwalira, Febby anabwera kudzaika maliro, ali mayi wa imvi zake. Anabwera ndi mnyamata wamtali, wa ndevu, wonenepa bwino, wolankhula Chibemba kuposa chathu. Titachoka kumanda, mnyamatayo anauzidwa kuti ine ndinali woyandikana nawo nyumba, ndipo anabwera kudzagwada pafupi nane.

"Amai, ambuya anga sin'nawadziwe. Anali munthu wabwanji?"

Febby anali chapatali, koma ankamva. Ndinamuyang'ana, iye anayang'ana pansi. Ndinamuuza Hilary kuti ali wakhanda anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, ndipo agogo akewo ndi amene anamuthirira mchere m'madzi. Anafunsa ngati ndi zokhazo. Ndinati ndi zokhazo.