Tsiku Limene Ndinadikhitsa Madzi

Kwathu ku Lirangwe madzi akavunduka sitilimbana nawo. Timawasiya mu ndowa, matope n'kutsika okha. Nzeru imeneyi ndinapita nayo ku Chileka nditapeza ntchito ya m'nyumba kwa bambo ena achikulire, okonza ndege pabwalo paja.

Bambowo ankakhala okha, ndipo pabalaza pawo panali thanki yagalasi ya madzi amchere. Mcherewo unkachita kubwera pandege, m'dziko loti mchere uli pa okala iliyonse. M'thankimo munali tinsomba tinayi tosakwana ndiwo ya mwana, ndi zinthu zangati miyala zomwe ankati makorali. Anandiuza kuti ndi nyama zamoyo. Ndinavomera, poti abwana satsutsidwa sabata yoyamba. Panali korali imodzi yanthambi, yobiriwira, imene ankaisuzumira m'mawa uliwonse asanayankhe moni wanga.

Pagalasi anamatapo mapampu awiri, aakulu ngati chibakera, okankha madzi uku ndi uku. Lamulo linali limodzi: asaime. Magetsi akathima panali batire. Chifukwa chake anafotokoza, koma m'Chingerezi chambiri, ine ndinkangoti eya.

Mwezi wachiwiri anapita kunja sabata yathunthu. Lachitatu pampu imodzi inayamba kulira ngati tcheni cha kabaza, madzi n'kuchita mbuu. Masana omwewo ndinalandira uthenga wa maliro a azakhali anga. Ndinaima patsogolo pa thankiyo chitenje chili m'manja, ndipo vuto ndinaliona msanga. Madzi angadikhe bwanji wina akungowavundula osapuma? Ndinazimitsa mapampu onse awiri, ndi batire yomwe, n'kukwera minibasi ndi mtima wa munthu amene wathandiza.

Ndinabwerako mawa lake masana, titaika maliro. Madzi anali atadikhadi. Nsomba zitatu zinali pamwamba kukamwa kuli yasa, yachinayi itagona chammbali pansi. Makorali anali atafota, akutulutsa zonanda. Apa mantha anandigwira zenizeni, pakuti ana anga awiri ankadyera ntchito imeneyi.

Ndinayatsa. Pampu ina inadzuka, koma yolira ija inangong'ung'udza osazungulira. Ndinawaimbira foni abwana n'kuulula zonse. Sanakalipe. Anati nditenge jagi, ndizitunga madziwo n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti alowe mpweya, ndipo mkono ukatopa ndisinthe wina. Kenako ndichotse pampuyo, nditsegule chivundikiro, ndisolole kafani kamene kamazungulira mkati.

M'menemo ndinapezamo kankhono katapanikizika, ndi zoyera zolimba ngati za m'ketulo yakale. Phokoso lonse lija linali la kankhonoko. Ndinaviika zitsulo ndi mapulasitiki mu viniga wa kukhitchini, ndinakwecha ndi mswachi wanga womwe, n'kutsukuluza. Pofika madzulo pampu inkazungulira mwakachetechete ngati palibe chimene inalakwa. Nsomba zitatu zinatsitsimuka. Korali yobiriwira ija inayamba kusupuka, ndipo Lamlungu inali yoyera ngati fupa, kupatula nsonga imodzi.

Abwana atafika, chikwama changa chinali chomanga kale kuseri kwa chitseko. Anaima pathankipo jekete asanavule.

"Mayi, munazimitsiranji?"

"Ndimafuna madzi adikhe, bambo."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera. Kenako anati amayi awo akanachita chimodzimodzi, ndipo wolakwa ndi iwo eni abwanawo, poti anandiphunzitsa m'Chingerezi. Ulendo uno anafotokoza m'Chichewa. Korali siyenda, anatero. Chakudya ndi mpweya zimaipeza pomwe ili, zobwera ndi madzi, ndipo zonyansa zake amachotsanso ndi madziwo. Madzi akaima imabanika.

Anatenga pulayala, anadula nsonga yamoyo ija, kanthu kosaposa chikhadabo, n'kukamata pamwala. Anandiuza kuti kuyambira tsikulo kutsuka mapampu mwezi ndi mwezi ndi ntchito yanga, poti tsopano ndikudziwa za m'mimba mwake. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinafunsa, mongofuna kunena kanthu, kuti kachidutswako kadzakula liti.

"Ijayi inatenga zaka khumi ndi ziwiri," anatero. "Inayamba ngati aka. Amene anaimata pamwala ndi malemu mkazi wanga, mayi a m'nyumba muno."

Ndikanakonda akanandikalipira. Analowetsa mkono m'madzi mpaka m'chigongono, anatulutsa korali yoyera ija, anaikulunga m'kampango n'kulowa nayo kuchipinda. Chakudya chimene ndinaphika tsikulo ndinachichotsa patebulo chosavundukula.